Hugh Tracey: Mlendo Amene Adadzamvera Ng'oma za Kuchigwa

Azungu amene adafika m'dziko muno m'masiku a utsamunda adadza ndi zolinga zosiyanasiyana. Ena adadza ndi Baibulo, ena adadza ndi sikelo yogulira thonje ndi fodya, ndipo enanso adadza ndi kaundula wa msonkho. Onsewo adali ndi mau oti awauze eni dziko. Koma pakati pao padapezeka munthu wina, dzina lake Hugh Tracey, amene adasankha ntchito yomvetsera. Kwa zaka zoposa 40 iye adayendayenda m'maiko a kummwera, pakati ndi kuvuma kwa Africa akujambula nyimbo za anthu akumudzi, ndipo m'chaka cha 1958 adafika m'Chigwa cha Shire, m'boma limene panthawiyo linkatchedwa Port Herald, lomwe lero ndi Nsanje, kumene kuli Bangula, Tengani ndi Khulubvi.

Mbiri ya munthu ameneyu ndi yofunika kwa aliyense wokonda nyimbo, chifukwa ikuonetsa mmene nyimbo za makolo zidapulumukira, ndiponso chimene chidatsalira kunja pamene nyimbo ya usiku wonse idalowetsedwa m'mbale ya mphindi 3.

Ubwana ndi minda ya fodya

Hugh Travers Tracey adabadwa pa 29 Januwale 1903 m'mudzi wa Willand, m'chigawo cha Devon ku England. Bambo wake adali dotolo ndipo banja lao lidali la ana ambiri. Mnyamatayo adaphunzira pa sukulu ya Monkton Combe, koma ku yunivesite sadapiteko, ndiponso sadalowepo m'sukulu yophunzitsa za nyimbo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 adaoloka nyanja kupita ku Southern Rhodesia, dziko limene lero likutchedwa Zimbabwe, kuti akathandize mkulu wake Leonard kulima fodya m'dera la Gutu. Mkulu wakeyo adapatsidwa malo kumeneko atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

M'minda ya fodyayo ndimo mmene moyo wake udakhotera. Pogwira ntchito limodzi ndi anthu a mtundu wa Akaranga, iye adaphunzira chinenero chao, nayamba kuimba nao nyimbo zao zapantchito, namamvetsera mbira ndi nthano zao madzulo. Posakhalitsa adazindikira chinthu chimene chidamuvutitsa mtima. Azungu anzake ankaziyesa nyimbozo phokoso chabe, amishoni ambiri ankaletsa akhristu ao kuvina magule a makolo, ndipo ana asukulu adayamba kuchita manyazi ndi zoimbira za agogo ao. Padalibe buku limene nyimbozo zidalembedwamo. Zonse zinkasungidwa m'mitu ndi m'zala za anthu, kotero kuti nkhalamba imodzi ikatsikira kulichete, nyimbo zambiri zinkalowa nayo m'manda.

M'chaka cha 1929, pamene kampani ya Columbia idatumiza akatswiri ake ku Johannesburg kukajambula nyimbo, Tracey adatenga amuna 14 achikaranga napita nao kumeneko, ndipo mbale zimene zidatuluka zili m'gulu la mbale zoyambirira za nyimbo za makolo a m'dzikolo. Mu 1931 bungwe la Carnegie lidamupatsa chithandizo cha ndalama kuti afufuze nyimbo za ku Southern Rhodesia. Cha m'nthawi yomweyo adakaonana ku London ndi opeka nyimbo otchuka awiri, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst. Akuluakuluwo adamulangiza kuti asataye nthawi poyesa kuyeza nyimbozo ndi malamulo a ku Ulaya, koma ajambule zambiri mmene angathere nthawi isadathe, popeza zofufuza zikadatha kubwera pambuyo. Paja mau a akulu akoma akagonera. Malangizo amenewa ndiwo adaongolera ntchito yake mpaka imfa yake.

Sukulu ya kwa Achopi

Kuyambira 1936 mpaka 1947 Tracey adali mkulu wa nyumba ya wailesi ya South African Broadcasting Corporation ku Durban. Ali pa ntchito imeneyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, adayamba kuchezera Achopi a kummwera kwa Mozambique, anthu amene amaimba timbila, zomwe ndi zachibale ndi ulimba wa kuchigwa. Kumeneko adapeza magulu akuluakulu a amuna akuimba pamodzi timbila zazing'ono ndi zazikulu, ovina atafola kutsogolo kwao. Gule waoyo, wotchedwa ngodo, amakhala ndi zigawo 9 kufikira 11 zotsatana mwadongosolo, ndipo amatenga mphindi pafupifupi 45. Opeka ake ankadziwika ndi maina, monga Katini ndi Gomukomu, ndipo ankapeka gule watsopano pakapita chaka kapena ziwiri.

Buku lake lonena za anthu amenewa, lotchedwa Chopi Musicians, lidatuluka mu 1948. Bukulo lidatsutsa bodza limene lidafala panthawiyo, loti nyimbo za anthu akuda zilibe mwini, zilibe dongosolo, ndipo zimangobwereza chinthu chimodzimodzi. Tracey adaonetsa kuti m'nyimbozo muli ndakatulo zodzudzula mafumu ndi atsamunda achipwitikizi, muli malamulo a kachunidwe, ndiponso kuti nyimbo yaitali ili ndi poyambira, pachimake ndi pothera. Patapita zaka 57, mu 2005, bungwe la UNESCO lidaika timbila za Achopi m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse, chaka chimodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza.

Galimoto, chingwe ndi maikolofoni

Mu 1947 Tracey adasiya ntchito ya pawailesi kuti adzipereke kwathunthu pa kujambula, mothandizidwa ndi Eric Gallo, mwini kampani yopanga mbale ku Johannesburg. Mu 1954, ndi ndalama zochokera ku bungwe la Nuffield la ku Britain ndi ku makampani a migodi, adakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo yotchedwa International Library of African Music, mwachidule ILAM, ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg. Chaka chomwecho adayambitsanso magazini ya akatswiri yotchedwa African Music. Maulendo ake ankatenga miyezi ingapo m'misewu yafumbi, ndipo adafika ku Congo, Rwanda, Uganda, Kenya, Tanganyika, Zanzibar, maiko awiri a Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Swaziland, Basutoland ndi kwina.

Kajambulidwe kake n'koyenera kukafotokoza, pakuti ndiko kamachititsa kuti mbale zake zizimvekabe bwino mpaka lero. M'midzi mudalibe magetsi, tsono iye ndi anzake ankayenda ndi injini yaoyao, imene ankaiimika patali, kuseri kwa chulu kapena kwa nyumba, nakoka chingwe chachitali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo. Maikolofoni sankaiimika pamalo amodzi. Ankaigwira m'manja, nayenda nayo pang'onopang'ono pakati pa oimba: aisendeze kwa wotsogolera nyimbo, kenaka kwa ovomera, kenaka pa ng'oma yaing'ono, kenaka pa yaikulu. Motero womvera mbaleyo amakhala ngati wagwiridwa dzanja, naonetsedwa mbali iliyonse payokha isadabwerere m'gulu. Maikolofoni ya Tracey inkachita chimene khutu la munthu wodziwa kumvera limachita lokha pabwalo.

Ankayendanso ndi bokosi la tizitsulo tamphanda 54, kalikonse kolira liu lakelake, toyezera kachunidwe ka zoimbira. Akapeza bangwe, kalimba kapena mangolongondo, ankayerekeza nsambo iliyonse kapena mtengo uliwonse ndi tizitsuloto nalemba nambala yake. Pa nyimbo iliyonse ankalemba khadi lotchula dzina la woimba, mudzi ndi boma, chinenero, mtundu wa gule, zoimbira ndi tanthauzo la mau. Mkazi wake Peggy adathandiza kwambiri pa ntchito yolembayi. Akatha kujambula ankawabwezera anthu nyimbo yao pa chokuzira mau, ndipo kwa ambiri kameneko kadali koyamba kudzimva okha akuimba.

Zina mwa zimene adajambula sizingajambulidwenso. Mu 1950 ndi 1952 adajambula oimba a kunyumba yachifumu ya Kabaka wa Buganda. Mu 1966 asilikali a boma la Uganda adathira nkhondo nyumbayo, zoimbira zambiri zidaonongeka ndipo oimbawo adabalalika. Mu 1957 adatsikira kwa Atonga a m'chigwa cha Zambezi, midzi yao ili pafupi kumizidwa ndi madzi a damu la Kariba. Mu 1952, m'tauni ya Jadotville ku Congo, imene lero ndi Likasi, adakumana ndi mnyamata woimba gitala, Mwenda Jean Bosco, amene nyimbo yake ya Masanga idatchuka kutali ndi kwao. Pa zonse zimene adatola adasankhapo nyimbo zoposa 3,000 naziika m'mbale zazikulu 210 zotchedwa Sound of Africa, ndi zina 25 zotchedwa Music of Africa zogulitsa kwa anthu wamba.

Ku Nyasaland ndi kuchigwa

Ku Nyasaland Tracey adajambulako pa ulendo wa 1950 ndi wa 1958, ndipo anthu ena a kuno adawapeza kunja, m'migodi ndi m'matauni kumene adapita kukagwira ntchito. Adatola nyimbo za Atumbuka, Atonga, Achewa, Ayao ndi Amang'anja: nyimbo zapamtondo, nthano zoimba, malipenga ndi nyimbo za bangwe. Chigwa chimene adafikamo mu 1958 ndi dziko lotentha, la thonje, mapira ndi nsomba. Amang'anja ndiwo adakhalamo kuyambira kale, ndipo Asena adakwera kuchokera ku Zambezi mwaunyinji kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri pothawa nkhondo ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Bangula, amene ali kumunsi kwa dambo lalikulu la Elephant Marsh, pamene msewu wochokera ku Chikwawa umakumana ndi njanji yakale yopita ku Chiromo, ndi amodzi mwa malo amene mitundu iwiriyi idasanganikirana, ndipo magule ao adasanganikirananso.

M'boma la Port Herald iye adajambula ng'oma za likhuba za Amang'anja. Ng'oma zimenezi zimakhala zingapo, zosiyana kukula, ndipo iliyonse imachunidwa pomata phula pakati pa chikopa mpaka ipereke liu lofunikalo, kotero kuti mmisiri akamaziomba motsatana zimatulutsa nyimbo yoti munthu angathe kuing'ung'udza. Bangwe ndi wosiyana nazo kwambiri. Iye ndi thabwa lokhala ndi nsambo zoyalidwa pamwamba pake, ndipo mbali imodzi ya thabwalo imalowetsedwa m'chipanda kapena m'chitini kuti mau akule. Woimba bangwe kawirikawiri amakhala yekha, akudandaula za umphawi, za ukwati, za ulendo wa kunja ndi za imfa, zala zake zikuzungulira pa kanjira kamodzi kwa nthawi yaitali.

Koma mfumu ya zoimbira za kuchigwa ndi ulimba, umene umatchedwanso valimba. Umakhala ndi mitengo yosemedwa pafupifupi 20 kapena kupitirirapo, ndipo pansi pake pamapachikidwa zipanda zokhala ndi kabowo kotsekedwa ndi kachikopa koyera ka chisa cha kangaude, kamene kamachititsa kuti liu lizinjenjemera. Amuna atatu amaimba ulimba umodzi, wina kumitengo yaikulu, wina pakati, wina kumitengo yaing'ono, mothandizidwa ndi kang'oma kotchedwa gaka ndi nkhocho. Akatswiri amene adatsata mapazi a Tracey adaufufuza mozama. Gerhard Kubik adayenda ku Chikwawa ndi ku Nsanje mu 1967. Wim van Zanten, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College, adayeza zoimbira za Asena mu 1970 ndi 1971 napeza kuti zimachunidwa pa masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, pamene pa limba la kutchalitchi masitepe ena ndi aatali ndipo ena ndi aafupi. Mu 1991 Andrew Tracey, mwana wa Hugh, adalemba za kaimbidwe ka gulu la ulimba la Kambazithe Makolekole.

Usiku wonse m'mphindi 3

Ulimba ndi choimbira cha mchezo. Pamaliro umayamba kukada, numalira mpaka mbandakucha, kupepesa anamfedwa ndi kuthandiza ogona pasiwa kuti usiku ufupike. Nyimbo yake imamangidwa pa kachigawo kakafupi kamene kamabwerera poyambira kambirimbiri, monga mmene musi umabwererera mumtondo. Magule ena ambiri a kuchigwa ali ndi khalidwe lomweli lotenga nthawi. Tsono apa ndi pamene padali vuto la Tracey. Mbale zakale za galamafoni zinkasunga mphindi 3 zokha mbali imodzi. Ngakhale pamene makina a tepi adafika cha m'ma 1950, wailesi ndi ogulitsa mbale ankafunabe nyimbo zazifupi, ndipo tepi idali yodula pa ulendo wa miyezi yambiri. N'chifukwa chake nyimbo zambiri zimene iye adasiya n'za mphindi 2, 3 kapena 4. Zili ngati madzi a Shire otungidwa m'chikho: ndi madzi a Shire ndithu, koma m'chikhomo sayenda.

Chimene chimatsalira kunja kwa chikhocho chimadziwika munthu akakhala pafupi ndi ulimba kwa ola lathunthu. Pa mphindi zoyamba khutu limangomva chinthu chimodzi chothamanga ndi chobwerezabwereza. Pakapita nthawi limayamba kupatula. Mau apansi amadziunjika okha napanga nyimbo yao, mau apamwamba nawonso amapanga ina, ndipo pakati pamatulukira kanyimbo kena kamene palibe mmodzi mwa oimba atatuwo akukaimba. Kubik, amene adayamba kuzindikira zimenezi pophunzira zoimbira za ku Uganda cha m'ma 1960, adafotokoza kuti tinyimbo totere timabadwira m'khutu la womvera, pamene manja a anthu angapo akulukana mothamanga, ndipo amisiri amapeka nyimbo zao akudziwa kuti zidzatero. Oimbawo amasintha pang'ono pokha: asunthe dzanja kupita pa mtengo woyandikana nao, alemeretse liu limodzi, apepukitse lina. Kusintha kotere kumamveka kwa yekhayo amene wakhalitsa. Usiku ukamapita, achule a kudambo, nkhululu, mapazi a ovina ndi kulira kwa amai m'nyumba ya maliro zimalowa m'nyimbomo ngati kuti zidapekedwera pamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kumva ulimba n'chimodzimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zomwe Tracey ankakalamba, opeka nyimbo ena a ku America ndi ku Ulaya adayamba kufunafuna kamvedwe komweka. Steve Reich adawerenga zolemba za A. M. Jones, mmishoni amene adakhalitsa ku Mapanza m'dziko la Northern Rhodesia, napita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma. Nyimbo yake ya 1976 yotchedwa Music for 18 Musicians imatenga pafupifupi ola, ikuyenda pa tizigawo tobwerezedwa. Mu 1978 Brian Eno wa ku England adatulutsa mbale yotchedwa Music for Airports, natcha mtundu wa nyimbozo ambient, kutanthauza nyimbo yokhala ngati mpweya wa pamalo, yoti munthu angathe kuitchera khutu kapena kungokhala m'kati mwake. Zina mwa nyimbozo adazipanga polumikiza matepi osiyana kutalika kuti azizungulira osakumana pamodzimodzi, ndipo yoyamba yokha imatenga mphindi 17. Mbale yachitatu ya mndandanda umenewo, ya mu 1980, idaimbidwa ndi Laraaji pa zoimbira za nsambo zambiri zoyalidwa pathabwa, za banja limodzi ndi bangwe.

Nyimbo ziwirizi zili ndi magwero osiyana ndi ntchito zosiyana. Ya Eno ndi yodekha, yopangidwira munthu amene ali yekha m'chipinda kapena akudikira ndege. Ulimba ndi waukali, wothamanga, wa fumbi ndi thukuta, ndipo umaimbidwa chifukwa mudzi wasonkhana. Zimakumana pa mfundo imodzi: kutalika kwa nthawi ndi mbali ya nyimboyo, monga mmene chipanda chilili mbali ya ulimba. Woidula wachotsapo kanthu.

Chikuto cha mbale

Mbale isadalire, munthu amayamba waona chikuto chake, ndipo chikutocho chimamuuza kakhalidwe koyenera pomvera. Pa zikuto za mbale zinai za mndandanda wa Eno, zimene zidatuluka pakati pa 1978 ndi 1982, palibe nkhope ya woimba. Pali zooneka ngati zidutswa za mapu, mizere ya mitsinje ndi ya nthaka yoonedwa kuchokera kumwamba. Munthu wa ku Bangula atachiona chikuto chotere angakumbuke timifuleni ta m'dambo la Elephant Marsh. Tanthauzo lake n'lakuti nyimboyo ndi malo oti munthu alowemo ndi kukhalamo, ndipo mwini wake wadzibisa dala.

Mbale za Tracey zimafuna kawerengedwe kena. Kuyambira mu 1998 Michael Baird, woimba wobadwira ku Lusaka, mogwirizana ndi ILAM, adatulutsanso nyimbozo pa ma CD oposa 20 a kampani yake ya SWP Records, ndipo awiri mwa iwo ndi a nyimbo za ku Malawi. Pa zikuto ndi m'timabuku take muli zithunzi zojambulidwa pa maulendo aja. Zithunzi zodziwika kwambiri za Tracey zimamuonetsa atagwira maikolofoni pafupi ndi woimba, anthu a m'mudzi atazungulira. Wina poona chithunzi chotere amaona mzungu amene wadzichepetsa kuti amve za munthu wakuda, chinthu chimene chidali chosowa m'masiku amenewo. Wina amaona dzanja lotambasuka kudzatenga. Onse awiri akuona zoona. Chimene chiyenera kukumbukika n'chakuti dzina lolembedwa ndi zilembo zazikulu kutsogolo ndi la wojambula, pamene maina a eni nyimbo ali m'kati, m'zilembo zazing'ono. Womvera wanzeru amayamba watsegula kabukuko, nawerenga kuti woimbayo adali yani, wa m'mudzi uti, ndipo nyimboyo inkaimbidwa pa mwambo wotani. Akatero amadziwa kuti mphindi 3 zimene akumvazo zidadulidwa ku nsalu yaitali motani.

Zolakwa ndi zotsala

Tracey adali mwana wa nthawi yake, ndipo akatswiri a m'mbuyo mwake sadamubisire zolakwa. Ankakhulupirira kuti munthu wa mu Africa amakhala weniweni akakhala m'mudzi ndi m'mtundu wake, nadandaula kuti tauni, sukulu ndi nyimbo zakunja zikuononga chikhalidwe, ngakhale kuti iye yemweyo adajambula oimba gitala ambiri a m'matauni. Maganizo otere ankagwirizana ndi zofuna za maboma a atsamunda ndi za tsankho la ku South Africa. Ndalama zina za ntchito yake zidachokera ku migodi imene inkadya mphamvu za anthu a ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ndipo iye adathandiza kukonza mabwalo a magule m'migodimo. Mbale za Sound of Africa zidapita makamaka ku mayunivesite ndi ku nyumba za mabuku, ndipo ambiri mwa oimba adamwalira osaionapo mbale imene mudali mau ao.

Nkhani ya kalimba ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Tracey adatenga kachoimbira kodziwika m'maiko a m'mbali mwa Zambezi ndi ku Malawi, nakachuna monga mwa masitepe a ku Ulaya, nayamba kukapanga pa fakitale yake ya African Musical Instruments. Kalimba kameneko kadafalikira dziko lonse, ndipo opanga nyimbo zodekha za masiku ano amakakonda. Dzina la kalimba lidadziwika kulikonse chifukwa cha iye, koma ambiri okagula amadziwa dzina la Hugh Tracey osadziwa anthu amene adakatulukira.

Komabe cholinga chake chachikulu chidali choti ana a mu Africa aziphunzira nyimbo zao kusukulu. Mu 1969 adalemba dongosolo loti akatswiri a m'maiko ambiri afufuze malamulo a nyimbo za mitundu yao ndi kulemba mabuku ophunzitsira. Ndalama zake sizidapezeke, mwa zina chifukwa maiko ndi mabungwe ambiri sankafuna kugwirizana ndi ntchito yochokera ku South Africa ya tsankho. Mu 1973 adatulutsa kaundula wa nyimbo zake m'mabuku awiri. Yunivesite ya Cape Town idamupatsa digiri yaulemu. Adamwalira pa 23 Okotobala 1977 kwao pafupi ndi Krugersdorp, ali ndi zaka 74.

Mu 1978 Andrew Tracey adasamutsira ILAM ku Rhodes University m'tauni ya Grahamstown, imene kuyambira 2018 ikutchedwa Makhanda. Kumeneko nyimbo zija zidasamutsidwira m'makompyuta, ndipo oyendetsa nyumbayo adayamba ntchito yobwezera zina kwa ana ndi adzukulu a eni ake. Mu 2016 gulu lotchedwa Beating Heart lidatulutsa chimbale chimene oimba amakono adapekamo nyimbo zatsopano pogwiritsa ntchito mau a ku Malawi amene Tracey adajambula. Kuno kumudzi, Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka adapitiriza ntchito yojambula oimba a kummwera kwa dziko lino, kuphatikizapo a kuchigwa.

Chigwa cha Shire chaona madzi osefukira kawirikawiri, ndipo mu 2015 ndi mu 2019 anthu ambirimbiri adakhala m'misasa ku Bangula nyumba zao zitakokoloka. Mtengo, chipanda ndi chikopa sizilimba pamadzi, ndipo amisiri osema ulimba ndi kuuchuna nawonso amakalamba. Choletsa chimene Tracey adalimbana nacho chidachoka, pakuti lamya ya m'manja ingathe kujambula mchezo wonse kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Iye adasunga zimene makina a nthawi yake adamulola, nalemba maina pa makhadi. Kujambula usiku wathunthu, ndi kupeza adzukulu a anthu otchulidwa pa makhadiwo kuti amve mau a agogo ao, ndi ntchito imene yatsalira ana a ku Nsanje ndi ku Chikwawa eni ake.